Mwala wa mu impso: kodi ungachotsedwe popanda kung'amba munthu?

Mayi wina wa ku Chikwawa watilembera motere: "Adokotala, amuna anga ali ndi zaka 44 ndipo amadula nzimbe. Mwezi wathawu anagwidwa ndi ululu woopsa m'nthiti cha kumsana, mbali ya kumanja, ukutsikira kuchinena, mpaka anagubuduzika pansi n'kusanza. Mkodzo unatuluka wofiirira. Kuchipatala anawaunika ndi sikani n'kunena kuti mu impso muli mwala wa mamilimita 14, impsoyo yayamba kutupa, ndiye pafunika opaleshoni. Iwo akukanitsitsa, akuti akang'ambidwa sadzagwiranso chikwanje, mwinanso awachotsa impso. Achimwene awo amene ali ku Johannesburg akuti kumeneko mwala amangouphwanya ndi makina, osacheka paliponse. Panopa ululu wasiya, ndipo akumwa mankhwala azitsamba amene akuti amasungunula miyala. Kodi za makinazi n'zoona? Nanga poti ululu watha, tingodikira?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Mafunso anu ndi awiri, koma ndiyamba ndi lomalizalo chifukwa ndi limene landidetsa nkhawa. Ayi, musadikire. Kutha kwa ululu si umboni woti mwala wachoka.

Kuchokera ku impso iliyonse pamatsika kanjira kamene kamatenga mkodzo kupita nawo kuchikhodzodzo. M'litali kamakwana masentimita 25 mpaka 30, koma m'kati mwake ndi mopapatiza kwambiri, mamilimita atatu kapena anayi basi, ngati kachubu ka inki ka m'bolopeni. Mwala ukakhala phee mu impso, munthu samva kanthu. Ululu wogubuduza uja umabwera mwala ukatseka pakhomo pa kanjirako, mkodzo n'kuyamba kudzadzana kumbuyo kwake, impso n'kumafufuma. Ndiye ululu ungathe m'njira ziwiri. Mwina mwala wasuntha pang'ono, mkodzo wapeza podutsa. Mwinanso watsekeratu, impso yatopa ndipo yachepetsa kupanga mkodzo. Njira yachiwiriyi ndi imene imatipweteketsa mtima ife madokotala, chifukwa munthu amabwerera kumunda akuti wachira, kwinaku impso ikufota mwakachetechete. Impso yotsekeka kotheratu imayamba kuwonongeka m'milungu yowerengeka, ndipo ikakhala choncho miyezi, ngakhale titachotsa mwala siibwereranso mwakale. Inzake ya kumanzere imagwira ntchito ya awiri, n'chifukwa chake munthu amakodza bwinobwino osadziwa kanthu.

Mwala wosaposa mamilimita 5 nthawi zambiri umatuluka wokha ndi mkodzo. Wa pakati pa 5 ndi 10 umatha kutuluka kapena kukana, ndipo ukakhala kuti watsikira kale kumunsi kwa kanjira kaja, timapereka mankhwala otchedwa tamsulosin kuti njira imasuke. Koma wa mamilimita 14 ndi wofanana ndi njere yaikulu ya mtedza. Tayerekezani njere ya mtedza pakamwa pa kachubu ka bolopeni. Siingadutse, ngakhale bambowo atamwa madzi a mu Shire onse.

Za mankhwala azitsambawo ndinene mosabisa. Miyala yambiri ya mu impso, pafupifupi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu pa khumi iliyonse, ndi ya calcium oxalate, kutanthauza calcium ndi oxalate, zinthu ziwiri zopezekanso m'zakudya, zikaundana pamodzi mu mkodzo, ndipo palibe chakumwa chilichonse, cha kuchipatala kapena cha kwa sing'anga, chimene chimaisungunula. Mtundu wina, wa uric acid, ndi umene umasungunuka bwino munthu akamamwa mankhwala ochepetsa asidi mu mkodzo monga potassium citrate, ndipo zimenezo zimachitika dokotala akuyeza mkodzo pafupipafupi. Sindikunyoza amene anawapatsa zitsambazo, mwina anachita ndi mtima wabwino. Koma ululu wa mwala umabwera n'kupita wokha, ndiye chilichonse chimene munthu wamwa tsiku limenelo chimatenga ulemu. Choopsa n'chakuti zitsamba zina zimawotcha impso, ndipo amuna anu panopa akudalira impso imodzi yabwino. Asiye. Chimodzimodzinso mapiritsi a diclofenac kapena Brufen ogula pagolosale. Amathetsadi ululu wa mwala, ifenso timawagwiritsa ntchito, koma kumwa tsiku ndi tsiku munthu akutuluka thukuta padzuwa, impso ina ili yotupa, n'kudziputira vuto lina.

Tsopano za makina. Alamu anu sananame. Makinawo alipo, ndipo njira zochotsera mwala popanda kung'amba munthu zilipo zitatu. Koma pa zitatuzi palibe imene ili mfumu ya zinzake. Chimene chimasankha njira ndi mwalawo: kukula kwake, pamene wakhala, ndi kulimba kwake.

Imene akunena alamu anu madokotala amaitchula mwachidule kuti ESWL. Inayamba ku Munich m'dziko la Germany, kumene munthu woyamba anathandizidwa nayo mu February 1980. Makinawo anapangidwa ndi kampani ya Dornier, imene ntchito yake yeniyeni inali yopanga ndege, mogwirizana ndi madokotala ngati Christian Chaussy. Odwala oyambirira ankawamiza m'bafa la madzi, koma makina amakono amangogunditsa kamtsamiro ka madzi pamsana. Munthu amagona pabedi, dokotala amaloza mwala pogwiritsa ntchito ekisire kapena sikani, kenako makina amayamba kutumiza mafunde amphamvu amene amadutsa pakhungu ndi mnofu n'kukasonkhana pamwala penipenipo. Amamveka kuti tha! tha! tha! maulendo 2,000 kapena 3,000, kwa mphindi 45 mpaka ola limodzi. Odwala amati zimamveka ngati wina akukuthwanula ndi labala pamsana. Amapatsidwa mankhwala ochepetsa ululu, ndipo ambiri amapita kunyumba tsiku lomwelo.

Chimene anthu safotokozerana n'chakuti makinawa sachotsa mwala, amangouswa. Zidutswazo munthu amazikodza yekha kwa masiku kapena milungu, nthawi zina ndi ululu ndithu, mkodzo uli ndi magazi masiku oyambirira. Zikatsika zambiri nthawi imodzi zimatha kundandana m'kanjira kaja n'kutsekanso, zimene a ku Germany anazipatsa dzina loti Steinstrasse, kutanthauza msewu wa miyala. Komanso si mwala uliwonse umene umasweka. Ina ndi yolimba ngati nsangalabwi, moti makina amagunda mpaka kumaliza, mwala uli chikhalire. Munthu akakhala wonenepa kwambiri, mafunde amafika atafooka. Mwala ukakhala m'kathumba ka pansi pa impso, ngakhale usweke, zidutswa zimavutika kukwera kuti zituluke. Ndiye si zachilendo kubwereza kawiri kapena katatu. Kwa munthu wokhala pafupi ndi makinawo palibe vuto. Koma kwa munthu amene wagulitsa mbuzi n'kukwera basi mpaka ku Joni, kuuzidwa kuti abwerenso pakatha milungu itatu ndi nkhani yaikulu. Njirayi saichita kwa mayi woyembekezera, kwa munthu amene akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, kapena amene ali ndi matenda a mu mkodzo amene sanachiritsidwe.

Njira yachiwiri ndi yolowera kumene mkodzo umatulukira, ndipo dzina lake ndi ureteroscopy. Ndikudziwa kuti amuna ambiri akangomva zimenezi amagwira mutu, ndiye muwauze msanga kuti zimachitika munthu atagonetsedwa, kapena atabayidwa jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika. Samva kanthu, ndipo mphamvu zawo za m'banja sizikhudzidwa. Dokotala amalowetsa kachipangizo kakatali, kowonda ngati chingwe cha chaja ya foni, kokhala ndi kamera ndi getsi kunsonga. Kamadutsa m'chikhodzodzo, n'kukwera kanjira kaja mpaka kufika mu impso. Zipangizo zamakono zimapindika kunsonga, moti dokotala amatha kusuzumira m'timatumba tonse ta impso akuyang'ana pa sikirini. Ndimakumbukira mmene mtima wanga unagundira tsiku loyamba kuona mwala pa sikirini yoteroyo. Unali wachikasu moderako, wa minga ngati chipatso cha nsatsi, ukugwedezeka m'madzi. Kenako kaulusi kotulutsa kuwala kwamphamvu kotchedwa laser, kowonda ngati ulusi wa mbedza, kanaugunda, ndipo unayamba kuyoyoka ngati chigumu chouma, fumbi lake likuyandama. Zidutswa zokulirapo amazikola ndi kadengu ka waya n'kuzitulutsa. Laser ya holmium, imene inafala m'zaka za m'ma 1990, imaswa mwala wa mtundu uliwonse, wolimba kapena wofewa. Apa ndi pamene njirayi imaposa ya mafunde ija: kawirikawiri ulendo umodzi umakwanira, ndipo munthu amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Kwa anthu a kwathu kuno, makamaka a m'mbali mwa nyanja ndi a m'chigwa cha Shire, pali chinthu chimodzi chofunika kuuza dokotala: likodzo. Munthu amene anadwalapo likodzo ali mwana, n'kumakodza magazi, amatha kutsala ndi zipsera kumunsi kwa kanjira ka mkodzo, njira n'kupapatiza kuposa mmene iyenera kukhalira. Zikatero kachipangizo kaja kamakana kukwera. Dokotala wanzeru sakakamiza, chifukwa kukakamiza kungang'ambe njirayo. Amaika kachubu kaye kuti njira ifutukuke, n'kudzabwereza pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Zikadzachitika choncho kwa amuna anu, musadzati opaleshoni yalephereka. Ndiponso ngati ankasambira m'madambo kapena kugwira ntchito m'ngalande za madzi, apemphe kuti mkodzo wawo uyezedwe likodzo, popeza magazi a mu mkodzo angachokere ku zonse ziwiri.

Kachubu ndatchulaka ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi kamene kamabweretsa misozi yambiri kuposa opaleshoni yeniyeniyo. Madokotala amakatcha stent, ena amati DJ. Ndi kapulasitiki kofewa, kotalika pafupifupi masentimita 25, kopiringizika kunsonga zonse ziwiri ngati mchira wa nkhumba. Nsonga ina imakhala mu impso, ina m'chikhodzodzo, ndipo ntchito yake ndi kusunga njira yotsegula pamene m'kati muli motupa. Kunja sikaoneka. Kamavutitsa ndithu: munthu amakodza pafupipafupi, amamva kuwawa m'nthiti pokodza, mkodzo umafiira akagwira ntchito yolemetsa. Zonsezi zimatha kakachotsedwa, ndipo kuchotsa kwake ndi kwa mphindi zochepa. Vuto ndi la anthu amene kawayanja, osawapweteka, mpaka kuiwala kuti kalimo. Ndinaonapo bambo wina amene anabwera patapita zaka ziwiri, akutentha thupi, mkodzo ukununkha. Anati palibe anamufotokozera bwino kuti m'thupi mwake mwatsala chinthu, ndipo ndinamukhulupirira. Kachubu konse kanali katakutidwa ndi miyala, kumtunda ndi kumunsi komwe, moti panafunika maopaleshoni angapo kuti kachoke, pamene mwala umene anabwerera poyamba unali waung'ono. Chonde, Mayi, amuna anu akadzathandizidwa kulikonse, kaya kuno kaya kunja, musadzatuluke pageti musanafunse kuti, "Kodi mwasiyamo kachubu? Kadzachotsedwa liti, ndipo kuti?" Tsikulo lilembedwe m'buku lawo la kuchipatala, inunso mulilembe pakhoma. Amene amakathandizidwa ku South Africa kapena ku India ndi amene ali pangozi kwambiri, chifukwa amabwerera kumudzi kachubu kali m'thupi, osakonza za amene adzakachotse.

Njira yachitatu, PCNL, ndi ya miyala ikuluikulu, yoposa masentimita awiri, komanso ija imene imamera nthambi n'kudzaza impso yonse ngati mizu ya jinja. Madokotala awiri a ku Sweden, Fernström ndi Johansson, ndi amene anaifotokoza koyamba mu 1976. Amaboola kabowo pamsana, pafupifupi sentimita imodzi, kolunjika mu impso, n'kulowetsa chipangizo chophwanyira ndi kuyamwa zidutswa. Imayeretsa impso bwino kuposa zinzake pa miyala yaikulu, koma ndi yolemerapo: munthu amagona m'chipatala masiku angapo, ndipo popeza impso ili ndi magazi ambiri, owerengeka amataya magazi mpaka kufunika kuwonjezeredwa. Pa mwala wa mamilimita 14 siikhala yoyamba kuganiziridwa, pokhapokha utakhala pamalo povuta.

Ndiye amuna anu iwayenera iti? Kuti dokotala ayankhe molondola pafunika chithunzi cha CT, mtundu wa ekisire umene umajambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane. Sikani imene anawaunika nayo, yoyendetsa pamimba atapaka mafuta ija, imaonetsa bwino kutupa kwa impso, koma imatha kukuza mwala kuposa mmene ulili, ndipo miyala ya pakati pa kanjira siiona bwino. CT imaonetsa kukula kwenikweni, malo ake, ngakhale kulimba kwake. Pafunikanso kuyeza magazi kuti tione mmene impso zikugwirira ntchito, ndi kuyeza mkodzo ngati muli tizilombo. Kuyeza mkodzoku musakuone kuchepa. Kuswa mwala mu impso imene muli tizilombo kumatha kukankhira tizilomboto m'magazi, ndipo imeneyo ndiyo ngozi yaikulu ya njira zonse zitatuzi. Chithunzi chikaonetsa kuti mwala uli pakati pa impso ndipo si wolimba kwambiri, mafunde aja angathandize. Koma mutandifunsa maganizo anga, kwa munthu wochokera kutali, amene sangakwanitse maulendo atatu, impso yake itayamba kale kutupa, ine ndingakonde ya kamera ndi laser.

Zipangizo zimenezi n'zodula ndipo sizipezeka pachipatala chilichonse. Poyambira ndi kubwerera kuchipatala chimene anawaunika, n'kupempha kalata yowatumiza kwa dokotala wa njira za mkodzo kuchipatala chachikulu. Kwa inu a ku Chikwawa ndiye ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko mukafunse mwachindunji njira zimene angathe kuchita pa mwala umenewu, ndi kumene angakulozereni ngati iwo alibe chipangizo chofunikacho. Safunsa anadya phula. Musayambe mwagulitsa katundu ndi kugula matikiti a basi musanamve zimenezi. Ngati ulendo wa ku Johannesburg ungadzafunike, alamu anu adzayambe aonetsa chithunzi cha CT kwa dokotala wa kumeneko, kuti mudziwiretu njira, mtengo wonse, ndi masiku amene adzakhaleko.

Mwinanso mudzauzidwa kuti chimene chilipo ndi opaleshoni yong'amba basi. Zikatero bambowo asathawe. Ndi njira yakale, bala lake ndi lalikulu, pansi pa nthiti, ndipo chikwanje adzachisiya kwa milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, pamene ndi kamera ija ambiri amabwerera kuntchito pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Koma bala limapola, ndipo anthu amabwerera kumunda ndi mphamvu zawo. Pakati pa kung'ambidwa mwezi uno ndi kudikira laser chaka chathunthu impso ili yotseka, ine ndingasankhire m'bale wanga kung'ambidwa. Za kuchotsedwa impso, muwatsimikizire kuti opaleshoni ya mwala cholinga chake ndi kupulumutsa impso. Imene timachotsa ndi imene inafa kale, yasanduka thumba la mafinya, ndipo kawirikawiri imakhala ya munthu amene anakhalitsa kunyumba ndi mwala wotseka.

Mwala ukadzachoka nkhani siinathe, chifukwa pafupifupi theka la anthu amapanganso wina zaka khumi zisanathe. Kwa munthu wodula nzimbe ku Chikwawa, kumene mu October ndi November kutentha kumafika madigiri 40, gwero lalikulu ndi thukuta. Madzi amathera pakhungu, mkodzo umatsala wochepa ndi wokhathamira, mchere wa m'kati mwake n'kuyamba kuundana ngati mmene umatsalira pansi pa mphika madzi akaphwera. Chofunika n'chakuti azikodza malita awiri ndi theka patsiku, ndipo pa ntchito yawoyo ndiye kuti kumwa malita atatu sikukwanira masiku otentha. Azinyamula chigubu kumunda, azimwa asanamve ludzu, amwenso pogona. Muyezo wake ndi maso: mkodzo uzikhala woyera ngati madzi a mandimu, osati wofiirira ngati tiyi. Mandimuwo kufinyira m'madzi akumwa kumathandizanso. Inu kukhitchini chepetsani mchere, chifukwa mchere wambiri umakokera calcium mu mkodzo. Bonongwe, sipinachi, mtedza ndi tiyi wakuda kwambiri zili ndi oxalate wochuluka, ndiye azidya mosapitiriza, koma osati kusiyiratu ndiwo zamasamba. Ena akamva kuti mwala ndi wa calcium amasiya mkaka ndi usipa. Kumeneko n'kulakwitsa, chifukwa calcium wa m'chakudya amagwira oxalate m'matumbo momwemo n'kutuluka naye kuchimbudzi asanafike ku impso. Kachidutswa kalikonse kamene kadzatuluke, kaya pokodza kaya pa opaleshoni, mukasunge m'kabotolo kouma, chifukwa kakayezedwa timadziwa mtundu wa mwala ndi choyenera kupewa. Ngati akumwa mankhwala ena a tsiku ndi tsiku, auze dokotala onse. Mwachitsanzo ma ARV ena, monga atazanavir, amatha kupanga miyala, koma munthu sasiya yekha, amakambirana ndi a kuchipatala.

Pamene mukudikira tsiku lokaonana ndi dokotala, muziwayang'anitsitsa. Akangoyamba kutentha thupi kapena kunjenjemera ndi kuzizidwa, ululu wa m'nthiti ulipo kapena palibe, musaganize za malungo okha n'kukagula mankhwala pagolosale. Impso yotseka ikalowa tizilombo, mafinya amasowa kotulukira ndipo munthu amatha kufooka kwambiri tsiku lisanathe. Pitani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, buku lawo ndi zotsatira za sikani zili m'manja, ndipo mukangofika nenani kuti ali ndi mwala wotseka impso. Zikatero madokotala sayamba ndi mwala. Amayamba atsegulira mafinyawo njira, ndi kachubu kaja kapena ndi kapaipi ka pamsana, n'kupereka mankhwala opha tizilombo kudzera m'dilipi, mwala n'kudzauchotsa munthu atapeza bwino. Chitaninso chimodzimodzi ngati akusanza osalekeza, kapena ngati papita tsiku lathunthu mkodzo ukungodontha pang'ono kapena osatuluka n'komwe.